Kuwonjezera Malo Osungira Mafuta pa Pikapu: Zoyenera Kuganizira ndi Kagwiridwe ka Ntchitoyo

Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta mu mzinda wa Blantyre uno, kaya m'zaka za 2011 ndi 2012 kapena pa mavuto amene anabweranso kuyambira mu 2022, amalidziwa ganizo limene limabwera munthu akafika pa pampu patatha maola ambiri: thanki ya galimotoyi ikanakhala yaikulu, ulendo wa mawa ndi wa mkuja sukanadetsa nkhawa. Mafuta a dziko lino amayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikachepa kapena njira ikasokonekera, oyamba kumva kuwawa ndi amene amadyera pikapu. Palinso ena amene vuto lawo si mizere ayi koma kutalika kwa kumene amagwira ntchito, monga amene amakagula mbewu ku mapiri a Neno kapena amene amayenda kutsidya kwa Shire cha ku Makhanga, kumene malo omwetsera mafuta ndi otalikirana. Kwa anthu onsewa kuwonjezera malo osungira mafuta ndi nzeru yabwino, komabe ndi ntchito imene imafuna kusamala kwambiri, chifukwa chimene mukuwonjezeracho ndi katundu wolemera amenenso amayaka moto.

Musanapite kwa mmisiri aliyense, yambani mwawerengera mafuta amene mukufunadi. Mapikapu ambiri amene tili nawo kuno, monga Toyota Hilux ndi Ford Ranger za zaka zaposachedwa, ali ndi thanki ya malita pafupifupi 80, pamene Isuzu D-Max ili ndi ya malita 76. Tiyerekeze kuti galimoto yanu, itanyamula katundu, imayenda makilomita 10 pa lita imodzi ya dizilo pamsewu wa tala. Ulendo wa ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi wa makilomita oposa 300 pang'ono, choncho kupita ndi kubwerera kumatha malita osakwana 70, ndipo thanki ya fakitale ingakwanitse ngakhale kuti mungafike kunyumba singano ya geji ya mafuta itagona. Ulendo wa ku Karonga, umene ndi wa makilomita pafupifupi 900, sungatheke ndi thanki imodzi. Mukatsika pa tala n'kulowa m'matope a dzinja kapena mumchenga, galimoto yomweyo imatha kumwa lita imodzi pa makilomita 7 kapena 8 okha. Njira yodalirika yodziwira zanu ndi kudzaza thanki, kulemba nambala ya makilomita, kuyenda ntchito zanu za masiku onse, kenaka n'kudzazanso ndi kugawa makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Mukachita zimenezi kawiri kapena katatu mudzaona kuti anthu ambiri amangofuna malita 40 mpaka 60 owonjezera, osati 150 amene poyamba mtima umalakalaka.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pa kuwerengeraku ndi kulemera. Lita imodzi ya dizilo imalemera magalamu pafupifupi 840, ndipo ya petulo pafupifupi 740. Izi zikutanthauza kuti malita 60 a dizilo ndi ofanana ndi thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50, ndipo malita 100 pamodzi ndi thanki yake yachitsulo amaposa matumba awiri. Matumba amenewa simuwatsitsa mukafika, amakhala pa galimoto tsiku ndi tsiku, ndipo amachotsedwa pa kulemera kumene galimotoyo inaloledwa kunyamula. Malire amenewo analembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka fakitale kamene kamakhala pa mphuthu ya chitseko kapena cha ku injini. Mukawadumpha, masipuling'i, matayala ndi mabuleki ndi zimene zimalipira, makamaka potsetsereka monga pamsewu wotsikira ku Chikwawa.

Njira yosavuta ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndi zigubu zachitsulo za malita 20 zimene zinapangidwira mafuta, zomwe zimakhala ndi chivundikiro chokhala ndi mphira ndi chokowera. Ziwiri kapena zitatu, zoimikidwa m'chimango chachitsulo chomangidwa ndi mabawuti kutsogolo kwa bodi ndi kumangiriridwa ndi lamba, zimakwanira munthu amene amayenda ulendo wautali mwa apo ndi apo. Zigubu zachikasu za mafuta ophikira zimene zadzaza m'misika yathu si za ntchito imeneyi, chifukwa zivundikiro zake zimadontha, pulasitiki wake amafooka padzuwa, ndipo pa petulo zimatha kusunga magetsi obwera chifukwa cha kukhuzana amene amabala kamoto. Chigubu cha petulo chizidzazidwa chitaikidwa pansi, osati chili m'bodi, ndipo chisalowe m'mutu mwa galimoto mmene mumakhala anthu. Kumbukiraninso kuti bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, lakhala likuletsa kugulitsa mafuta m'zigubu popanda chilolezo pa nthawi zimene mafuta asowa, kotero njira imeneyi imakulepheretsani pa nthawi yomweyo imene mumaifuna kwambiri.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa thanki ya fakitale n'kuikapo ina yaikulu imene inapangidwira mtundu womwewo wa galimoto. Mathanki oterewa amapangidwa ku South Africa ndi ku Australia, ndipo pa Hilux kapena Ranger amatha kufika malita 140 kapena kuposerapo. Amalowa pamalo pomwe panali yakale, amagwiritsa ntchito pothirira pomwepo, ndipo zida za m'thanki yakale, monga choyandama cha geji ndi pampu ngati ilimo, zimasamutsidwira m'yatsopanoyo. Kwa amene angakwanitse mtengo wake pamodzi ndi msonkho wa ku MRA, iyi ndi njira imene ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa palibe paipi yatsopano yoti idonthe ndiponso kulemera kumakhala pansi. Ndipo ngati pikapu yanu ndi ya petulo, ndinganene mosabisa kuti musankhe pakati pa njira imeneyi ndi zigubu zachitsulo basi. Petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kutazizira motani, pamene dizilo amafuna kutentha kopitirira madigiri 50 kuti mpweya wake ugwire moto, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti thanki ya petulo yopangidwa pakhonde ikhale chinthu chosayenera kuyeserera. Chodziwiratu n'chakuti geji imasintha khalidwe: singano imakhalitsa pamwamba kwa makilomita ambiri isanayambe kutsika, ndipo nambala ya makilomita otsala imene kompyuta ya galimoto imaonetsa siikhalanso yolondola.

Njira yachitatu, imene eni magalimoto a dizilo ambiri kuno amatsata, ndi kuika thanki yachiwiri imene imathira mafuta ake m'thanki yaikulu, ija ya fakitale. Pa njira imeneyi ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pali zolakwika zambiri.

Choyamba ndi malo. Thanki ikhoza kukhala m'bodi, kuseri kwenikweni kwa mutu wa galimoto, kapena pansi pa bodi ngati pali mpata pakati pa zitsulo za chassis. Ena amachotsa tayala la sipeya n'kuika thanki pamenepo, koma malo amenewo ali kumbuyo kwa ekiselo, kumene kulemera kumapepula matayala a kutsogolo, ndiponso ndi pamene pamayamba kuphwanyika galimoto ina ikakugundani kumbuyo. Malo abwino ndi kutsogolo kwa ekiselo ya kumbuyo, pakati pa galimoto, thankiyo ikhale yaifupi ndi yotambalala m'malo mokhala yaitali. Ikakhala pansi, isalendewere kutsika kuposa chassis, ndipo ikhale ndi chitsulo choiteteza ku miyala.

Chachiwiri ndi chopangira thankiyo, ndipo apa ndikupempha kuti mumvetsere bwino. Amisiri owotcherera zitsulo a ku Ndirande, ku Chirimba ndi ku Limbe alipo aluso kwambiri, koma ambiri anazolowera kupanga mathanki a madzi, ndipo chitsulo chimene amathamangira ndi chija chokutidwa ndi zinc, cha mtundu wa malata, poti sichichita dzimbiri. Chitsulo chimenecho ndi chabwino pa madzi koma n'choipa pa dizilo, chifukwa dizilo amasungunula zinc pang'onopang'ono, ndipo zosungunukazo zimakaunjikana m'timabowo ta mainjekita, tizida topopera mafuta mu injini. Injini za masiku ano za common rail, monga D-4D ya Toyota, zimapopa mafuta pa mphamvu yopitirira ma bar 1,600 (bar ndi muyezo wa mphamvu ya kupopa) kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi, kotero kanthu kakang'ono kamawononga zida zimene mtengo wake umaposa wa thankiyo kangapo. Uzani mmisiri agwiritse ntchito chitsulo wamba chosakutidwa, chochindikala mamilimita awiri kapena kuposa, n'kuchipaka penti kunja kokha, kapena aluminiyamu wa mamilimita atatu kupita m'mwamba ngati ali ndi makina owotcherera aluminiyamu. M'kati musapakidwe penti wamba, chifukwa amasupuka n'kutseka sefa. Mapaipi a kopa nawonso apewedwe poti amafulumizitsa kuwonongeka kwa dizilo.

M'kati mwa thanki muyenera kukhala zipupa ziwiri kapena zitatu zogawa, zokhala ndi mabowo m'munsi ndi m'mwamba kuti mafuta ndi mpweya zizidutsa pang'onopang'ono. Popanda zipupazi, mafuta a thanki yosadzaza amathamangira mbali imodzi pokhota kapena pomanga mabuleki, ndipo kukankha kwake kumamveka pa chiwongolero, komanso kumang'amba mowotcherera m'kupita kwa miyezi. Pansi penipeni pakhale bawuti yokhetsera madzi ndi zinyalala, ndipo paipi yokokera mafuta ilowere pamwamba n'kulekeza sentimita imodzi kapena ziwiri isanafike pansi, kuti isamayamwe zotsalira. Thanki ikatha kuwotcherera, isanaone dontho la mafuta, itsekedwe mabowo onse, ipopedwe mpweya wochepa wosapitirira ma psi atatu pa geji yoyezera mpweya, ndipo mowotcherera monse mupakidwe madzi a sopo. Pamene patuluke thovu ndi pamene padzadonthe. Mpweya wochuluka kuposa apo umafufumitsa thanki ya makona anayi. Izi zichitike pa nthawi imeneyi chifukwa thanki imene munalowapo kale mafuta siiwotchereredwanso mwachisawawa: mpweya wotsalira m'kati umaphulika ngakhale thankiyo ikuoneka youma, ndipo kuitsuka ndi madzi kokha sikokwanira.

Kapaipi kopumira, kamene kamalowetsa ndi kutulutsa mpweya m'thanki, ndi kachinthu kakang'ono kamene kamaiwalika kawirikawiri, chonsecho kwa ife a ku Blantyre n'kofunika koposa. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo munthu akadzaza thanki m'mawa kukuzizira n'kutsikira ku Chikwawa kapena ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala, amakapeza kutentha kopitirira madigiri 40. Malita 100 a dizilo akatenthedwa ndi madigiri 20 amafufuma ndi lita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndipo mafuta amenewo ayenera kupeza kopita. N'chifukwa chake thanki siidzazidwa mpaka pakamwa. Musiye mpata wa malita asanu pa malita 100 alionse. Kapaipi kopumirako kakwere pamwamba kuposa pothirira, kakhale ndi valavu imene imadzitseka galimoto ikagubuduzika, ndipo kumapeto kwake kukhale kasefa kotchinga fumbi, kataloza pansi pamalo pamene mvula ndi madzi a mumtsinje sangafike.

Tsopano tibwere pa kasamutsidwe ka mafuta kuchoka m'thanki yachiwiri kupita m'yaikulu. Thanki ikakhala m'bodi imakhala pamwamba pa inzake, choncho ambiri amangolumikiza paipi ndi mpopi wotsegula ndi dzanja kuti mafuta azitsika okha. Ine ndinayamba ndi njira imeneyi pa galimoto imene ndinkayendera ku chigwa cha Shire, ndipo tsiku lina mpopiwo unatsala wotsegula pamene mathanki onse awiri anali odzaza. Tikutsika phiri kulowera ku Thabwa ndinamva fungo la dizilo, ndipo nditaima ndinapeza mafuta akutuluka pa kapaipi kopumira ka thanki yaikulu, atanyowetsa tayala la kumbuyo ndi chitsulo cha mabuleki, mbali ina akudonthera pafupi ndi ekizozi. Tinapulumuka, koma kuyambira tsiku limenelo sindilangiza munthu kudalira mafuta otsika okha, chifukwa paipi ikaduka kapena mpopi ukaiwalika palibe chimene chimawaimitsa mpaka thanki yonse itathera pamsewu.

Njira yabwino ndi pampu yaing'ono ya magetsi ya 12V yopangidwira dizilo, imene imakoka mafuta kuchokera pamwamba pa thanki yachiwiri, kuwadutsitsa mu sefa yolekanitsa madzi, n'kukawathira mu khosi lothirira la thanki yaikulu kudzera pa cholumikizira cha nthambi chimene chimaikidwa pa paipi ya mphira ya khosilo. Ubwino wake ndi wakuti simukhudza konse mapaipi amene amapita ku injini ndi obwerera, ndipo injini imapitiriza kumwa kuchokera kumene inazolowera, kudzera mu sefa yake ya fakitale. Poti thanki ya m'bodi ili pamwamba, mafuta amatha kupitiriza kuyenda okha ngakhale pampu itazima, monga zimachitikira munthu akayamwa paipi, choncho pa paipi yomweyo paikidwe valavu ya magetsi imene imakhala yotseka ndipo imatseguka pokhapokha pampu ikayaka. Magetsi a pampu achokere ku batire kudzera pa fyuzi yoikidwa pafupi ndi batirelo ndi pa relay (kaswichi koyatsidwa ndi magetsi) imene imalandira moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, kuti pampu isapitirize kugwira ntchito inu mutatsika. Swichi ikhale pamene dalaivala akuiona, ndipo ikhale ndi getsi losonyeza kuti yayaka. Amene angapeze kachipangizo kozimitsa pampu patatha mphindi zoikika achita bwino koposa. Thanki yachitsuloyo ilumikizidwe ndi waya ku chassis.

Lamulo la kasamutsidwe ndi la masamu chabe. Ngati thanki yaikulu ndi ya malita 80 ndipo yachiwiri ndi ya 60, mafuta onse angalowe pokhapokha singano itatsika kufika pa kota. Ndi bwino kuyatsa pampu singano ili pansi pa theka, kuiyang'ana ikukwera, n'kuzimitsa isanafike pamwamba. Pampu isasiyidwe ikulira thanki itauma chifukwa imapsa msanga.

Mapaipi akhale a mafuta enieni, amene pambali pake panalembedwa SAE J30, osati paipi yothirira maluwa kapena ija yoonekera m'kati, zimene zimauma n'kusweka. Polumikiza paliponse pakhale chomangira chachitsulo chomanga ndi sikuluwu, osati waya wopotokola. Paipi idutse kutali ndi ekizozi ndi shafuti yozungulira, imangiriridwe pa chassis pafupipafupi, ndipo podutsa pa bowo la chitsulo pakhale mphira woiteteza kuti isadulidwe. Pali mfundo ina imene amisiri ena saiganizira: bodi ndi chassis sizigwedezeka mofanana pamsewu wa mabampu, kotero pakati pa ziwirizi paipi ikhale ya mphira ndipo ikhale ndi kotsala pang'ono, apo ayi idzazuka.

Pomanga thankiyo, gwiritsani ntchito mabawuti olembedwa 8.8 pamutu, ndi manati osamasuka okha. Ngati ili m'bodi, mabawuti adutse pa mitanda ya pansi pa bodi kapena akhale ndi zitsulo zotambalala kunsi, chifukwa chitsulo cha pansi pa bodi n'chopyapyala ndipo pa ngozi bawuti imangoching'amba. Pakati pa thanki ndi pokhalira pake paikidwe mphira. Chassis isawotchereredwe kapena kubooledwa m'milomo yake ya pamwamba ndi ya pansi, pakuti mphamvu yake ili mmenemo. Fufuzani mabowo amene fakitale inasiya kale. Pogwira ntchito yonseyi waya wa negativi wa batire akhale atachotsedwa, malowo akhale opita mphepo, ndipo chozimira moto cha paudala (dry powder) chikhale pafupi, kenaka chisamukire m'galimotomo.

Za malamulo zisadikire mpaka mutakumana ndi apolisi apamsewu pa Zalewa. Musanayambe, pitani ku ofesi ya Road Traffic pa Ginnery Corner mukafotokoze zimene mukufuna kusintha ndi kufunsa zimene afune kuona pa nthawi ya COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu. Lemberani kalata a inshuwalansi anu ndipo musunge yankho lawo, chifukwa kusintha kumene sanauzidwe kumawapatsa chifukwa chokanira kulipira galimoto ikapsa. Ngati galimoto idakali pa chitsimikizo cha ogulitsa (waranti), afunseni kaye. Amene amawoloka malire pa Mwanza kapena pa Muloza afunsiretu za msonkho wa mafuta amene ali kunja kwa thanki ya fakitale. Ndipo pa nthawi ya mizere musadabwe ogwira ntchito pa pampu akakana kuthira m'thanki yachiwiriyo; mafutawo ndi oyendera inu, ndipo kuwagulitsa popanda chiphaso cha MERA ndi mlandu.

Ntchito ikatha, thirani malita 10 okha poyamba, yatsani pampu galimoto itaima, ndipo mugwire polumikiza paliponse ndi pepala loyera kuti muone ngati pali chinyezi. Zikakhala bwino dzazani, yendani ulendo waufupi monga wokafika ku Lirangwe, mulowenso pamsewu wafumbi pang'ono, kenaka muime ndi kukwawira pansi kuti muone ngati paipi ikukhuza chitsulo kapena ngati pali bawuti imene yamasuka. Bwerezani kuona kumeneku mukayenda makilomita 500 oyamba, ndiyeno pa sevisi iliyonse. Dizilo wa m'thanki yachiwiri asagonere miyezi yambiri poyembekeza tsiku la mavuto, chifukwa mpweya wa chinyezi wa m'dzinja umasanduka madzi m'zipupa za thanki, ndipo pamene madzi akumana ndi dizilo pamamera ndere yakuda imene imatseka masefa. Muziwasamutsa ndi kuthira atsopano mwezi uliwonse kapena iwiri, ndipo miyezi itatu iliyonse mumasule bawuti ya pansi ija n'kukhetsera pang'ono m'botolo loonekera m'kati. Madzi akakhalamo amakhazikika pansi pa botolo, dizilo n'kuyandama pamwamba, ndipo mukawaona pitirizani kukhetsa mpaka atatuluka mafuta oyera okhaokha, kenaka musinthe sefa ya pa pampu musanayambe ulendo wina.